Khutu Lakumanzere

Dzina loti a Wailesi anawapatsa ndi anthu oyandikana nawo nyumba, ndipo iwo sanalikane. Akanalikana bwanji, poti chiganizo chilichonse cha m'mabuku awo ankayamba achilankhula mokweza asanachilembe? Alembi anzawo amakhala padesiki, dzanja pachibwano, kudikira nzeru mwaulemu. A Wailesi ankalemba chiimire, mapepala atawayala pathabwa lositirapo zovala, pensulo m'manja, pakamwa posatseka. M'nkhani mukakhala nkhalamba, ankanjenjemeretsa mawu. Mukakhala banja lokangana, ankakangana okha mbali zonse ziwiri mpaka wina agonje. Lamulo lawo linali limodzi: mawu akatuluka pakamwa koma thupi osachita tsembwe, amenewo ndi abodza, pensulo isawakhudze.

Thabwa lositiralo silinali la matama a ulembi ayi. Linayamba nthawi ya amuna awo, malemu a Dokotala, amene ankachiza ziweto ndipo tauni yonse inkawatama kuti ali ndi manja ofewa. Galimoto ya a Dokotala ikangolira pageti, a Wailesi ankaponya shati pamwamba pa mapepala n'kugwira simbi. Mkazi amene akusita safunsidwa mafunso. Pansi pa mashati amenewo ndi pomwe panabadwira mabuku awo onse otchuka, nkhani zachikondi zodzaza ndi amuna abwino, amuna odziwa kupepesa, amuna otsegulira akazi awo chitseko. Tsiku lokhazikitsa buku, a Dokotala ankakhala mpando wakutsogolo n'kumauza anthu kuti mwamuna wabwino wa m'bukumo ndi iwowo, mlembi wangowasintha dzina. Anthu ankaseka. A Wailesi nawonso ankaseka, atapendeketsa mutu kuti khutu lakumanja ligwire ntchito, pakuti lakumanzere linafa kalekale. Wofunsa ankangouzidwa kuti anali matenda.

A Dokotala atatsamira mkono, bondo la a Wailesi nalo linayamba kuvuta mpaka linachitidwa opaleshoni, ndipo mwana wawo anawatenga kuti azikakhala naye. Anali mwana mmodzi yekhayo, namwino wa kuwodi ya ana. Bambo ake ankamutcha Kanjiwa, ndipo dzinalo linamukanirira mpaka kukula. Kanjiwa anali munthu wadongosolo moopsa: matawulo opinda mofanana, mankhwala panthawi yake, siwiti osalowa m'nyumba. Anamwino anzake ankayenda ndi masiwiti m'thumba onyengerera ana pobaya jakisoni, koma iye ankati shuga amawononga mano, ana alire basi, atonthola okha. Pabalaza anapachika chithunzi chachikulu cha bambo ake atanyamula kagalu kothyoka mwendo. Atadikira zaka zambiri, tsopano anali ndi pakati, ndipo ananeneratu kuti akabadwa wamwamuna adzatenga dzina la agogo ake.

A Wailesi atamva zimenezo anapita kuchipinda kukaimika thabwa lawo.

Buku limene anayamba silinali ngati enawo. Mkonzi wawo, bambo waulemu wokonda kunena kuti "owerenga athu", atawerenga mitu yoyambirira anawaimbira foni mawu atazizira. Anazungulira, anayamikira kalembedwe, anafunsa za bondo, kenako anafika pamfundo: owerenga athu amawakonda a Wailesi chifukwa cha kukoma mtima kwa nkhani zawo, ndiye mwamuna wa m'buku latsopanoli, womenya mkazi wake uku akumutcha "mayi", awachititsa mantha. Kodi sizingatheke kuti pofika kumapeto alape?

"Owerenga anga akula, ali ndi mano," anayankha a Wailesi. "Ndawadyetsa zofewa mokwanira."

Ankagwira ntchito m'mawa, Kanjiwa ali kuchipatala, mkamwini wawo ali pamsewu kuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Nyumba ikakhala yawoyawo ankatseka chitseko, kukhosomola kawiri pang'onopang'ono monga ankachitira a Dokotala asanalankhule, n'kutsitsa mawu. Mawuwo ankabwera okha. Anali atawasunga m'mimba zaka zonsezo, ndipo ankatuluka osachita dzimbiri.

Koma chipatala sichifunsa alembi chikamasintha nthawi za anamwino. Tsiku lina Kanjiwa anachokera kuntchito m'mawa, analowa mwakachetechete kuti asasokoneze mayi ake, nakagona kuchipinda choyandikana nawo. Khutu lakufa silinamve chitseko. Kanjiwa anadzidzimuka kutulo ndi kakhosomolo kawiri kamene anakakumbuka bwino, kenako mawu odekha, aulemu, a munthu amene anamuika m'manda ndi misozi.

"Mayi, ndakupemphani kangati kuti musamandichititse manyazi pagulu? Tsekani chitsekocho. Ayi, musalire, ana a anthu angamve."

Kanjiwa atatsegula chitseko anapeza mayi ake okhaokha, ataima pathabwa, mapewa atawakweza ngati mmene ankaimira bambo ake. A Wailesi atamuona dzanja lawo linathamangira shati loti aphimbire mapepala, koma pathabwapo panalibe shati. Anachita manyazi ndi dzanja lawolo, ndipo manyaziwo anawapsetsa mtima.

Kanjiwa sanakuwe. Anafunsa ngati limenelo ndi buku, ndipo anauzidwa kuti inde. Anafunsa ngati anthu adzazindikire kuti ndi bambo ake, ndipo anauzidwa kuti amene ali ndi makutu awiri adzazindikira. Ndiye anayamba kulankhula mofulumira, dzanja lili pamimba: kuti bambo ake anamuphunzitsa kupalasa njinga, kuti ankadzuka kukaona ng'ombe ya mmphawi osafunsa kanthu, kuti munthu wakufa sangadziteteze, kuti mayi ake anadya ulemu wa banja labwino moyo wawo wonse ndipo lero akufuna kugulitsa mtembo kuti atchukenso.

Mawu omalizawo anawalasa a Wailesi mpaka m'mafupa. Koma anangoti, "Zonse wanenazo za njinga ndi ng'ombe ndi zoona, ndipo zili m'bukumu. Zinazo nazonso ndi zoona."

"M'nyumba mwanga muno ayi, amayi. Mwana wanga sakhala m'mimba akumva zimenezi."

Madzulo ake mkamwini anayesa kuzimitsa moto. Anali munthu woleza mtima, wozolowera kukhala pambali pa anthu oponda mafuta pofuna kuponda buleki, ndipo ankakhulupirira kuti ngozi iliyonse imapeweka ngati wina achepetsa liwiro. Anakhala pampando wa m'khitchini, chipewa pabondo, n'kufunsa apongozi ake ngati sangamalembe chamumtima ngati alembi ena. Anati sizingatheke. Nanga kumanong'ona? Anati a Dokotala sankanong'ona. Nanga kuliika kaye pambali bukulo mpaka mwana abadwe, akule pang'ono, mitima itsike? A Wailesi anamuyang'ana mkamwini wawo mwachifundo, pakuti ankamukonda, n'kumuuza kuti mawu oti "mwana akule kaye" anawanenapo kale kamodzi, ndipo mwanayo ndi amene wakula n'kuwathamangitsayu.

Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Nyumba ya Kanjiwa inali yabwino, ya madzi otentha, yopanda masitepe, ndipo m'chipinda chaching'ono munali kale kabedi ka mwana kamene a Wailesi anasankha okha nsalu yake. Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Analongedza masutikesi, ndipo mkamwini anamangirira thabwa lositira padenga pa galimoto yake yophunzitsira, pafupi ndi chikwangwani chochenjeza kuti woyendetsa ndi wophunzira. Kanjiwa sanatuluke kudzatsanzika.

Anapeza chipinda pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Masitepe ake anali otsetsereka, bondo linkawatukwana pokwera, ndipo m'chipindamo munkamveka fungo la thina wosungunulira penti tsiku lonse. Koma zenera linali lalikulu, ndipo mwini sitolo, mayi wonenepa wamasiye, atamva kalembedwe kawo anangoti bola asamaponye mipando. Posakhalitsa anazolowera. A Wailesi akatsika kukagula buledi, mayi wa penti ankawalonjera kuti, "Amuna anu lero alankhula kwambiri, aphikireni tiyi," ndipo onse awiri ankaseka kuseka kwa akazi amene safunika kufotokozerana.

Buku linayenda. Linayenda mpaka linafika pamutu umene a Wailesi ankauzemba kuyambira pachiyambi, ndipo pamenepo linaima njii.

Unali mutu wa tsiku limene buku lawo loyamba linatuluka. Anabwera nalo kunyumba atalifungatira, anthu oyandikana nawo akuwayamikira pageti, a Dokotala nawo akumwetulira n'kumagwirana chanza ndi aliyense. Atalowa m'khitchini, a Dokotala anatseka chitseko chakunja, anatenga bukulo, analiika bwinobwino patebulo, kenako anawamenya mbama kukhutu lakumanzere. A Wailesi anagwa chogwada pafupi ndi sitovu. M'mutu munangoti tsiii. Atadzutsa maso anaona milomo ya a Dokotala ikuyenda, nkhope ili yodekha, koma sanamve kanthu, ngakhale liwu limodzi. Pamene kulirako kunkachepa, m'khitchini munali mutatsala iwo okha. Chinthu chimodzi chokha chimene ankathokoza nacho zaka zonsezi chinali choti mwana, amene panthawiyo anali asanayambe sukulu, anali kunja akusewera ndi anzake.

Kodi munthu amanena chiyani akangophulitsa khutu la mkazi wake? Mlembi amene anapeka mabanja, maliro ndi maukwati osawerengeka analephera kupeka chiganizo chimodzi chimenechi. Ankakhosomola kawiri n'kuyesa. "Mudziwe malo anu, mayi." Thupi zii. "Mukuganiza kuti mwaposa ndani?" Zii. Anayesa zotukwana, anayesa zoopseza, anayesa ngakhale zopepesa. Zonse zinkatuluka pakamwa ngati zovala zobwereka. Mkonzi, amene tsopano anali atagonja n'kuyamba kulikonda bukulo mwamantha, anawauza kuti alembe chilichonse, palibe wowerenga amene analipo kuti akawatsutse. Anamuyankha kuti iwo analipo.

Masabata anadutsa. Mkamwini ankabwera mobisa ndi mafuta opaka bondo komanso nkhani: kuti Kanjiwa wasiya kaye ntchito, kuti mapazi ake atupa, kuti masiku atha. A Wailesi anamusowa mwana wawo, kumusowa kwenikweni, kopweteka pachifuwa. Tsiku lina anavala bwino n'kutsika mpaka pokwerera basi, ali ndi mawu okonzeka oti chabwino, ndalisiya. Basi itafika anawayesa mawuwo chapansipansi monga mwa chizolowezi chawo, ndipo thupi linakana. Anasiya basi ipite, nakwera masitepe awo akulira ndi ukali, osadziwa kuti akukwiyira ndani.

Linali tsiku lotentha, dzuwa lili paliwombo, pamene Kanjiwa anabwera yekha. Anali atakonza zoti anene: mwana ali pafupi, amayi bwererani, bukulo litsekereni m'sutikesi ndipo sitidzalitchulanso. Mayi wa penti anamulozera masitepe, ndipo anakwera pang'onopang'ono, atagwira khoma, akupuma pakati. Ali pakatipo anamva kakhosomolo kawiri, kenako mawu a bambo ake akutukwana. Kunakhala chete. Kakhosomolo kawiri, mawu ena oopseza. Chete. Anaima pamenepo akumva mayi ake akuyesa chiganizo pambuyo pa chinzake, ndipo sanafunikire kuuzidwa kuti ndi tsiku liti limene likufunidwalo.

Analowa osagogoda. A Wailesi anamuona atafika kale pafupi, thukuta lili kamukamu, mapazi atadzaza nsapato.

"Mukunama," anatero Kanjiwa. "Bambo sanatukwane tsiku limenelo."

"Khala pansi, mwana wanga, wakwera masitepe onsewa ndi..."

"Sanatukwane. Sanakuopsezeni. Sankalankhula ndi inu n'komwe."

A Wailesi anatembenuza mutu kuti khutu lamoyo limve bwino. Anamuuza modekha kuti sangadziwe, anali kunja ndi anzake.

"Ndinabwera kudzaona bukulo. Ndinaima pakhomo lochokera pabalaza, kumbuyo kwanu. Inu munali pansi, magazi akutuluka m'khutu. Iwo anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, 'Bwera, Kanjiwa, tikagule masiwiti. Amayi ako akufuna kupuma.'" Anapuma movutika. "Ndipo ndinapita. Anandigwira dzanja, ndinakudutsani pambali, ndinapita. Anandigulira ofiira. Ndinadya onse."

Pansi pasitolo wina ankagubuduza chitini cha penti. A Wailesi anakumbukira kuti tsiku limenelo mwana anabwera madzulo milomo ili psuu, ndipo iwo, atamanga nsalu kumutu, anamutsuka kukamwa akuthokoza kuti sanaone kanthu. Mashati onse aja, amuna abwino onse a m'mabuku aja, kuseka konse kwa pamipando yakutsogolo, anachita zonsezo kuti mwana akule ali ndi bambo wabwino. Kani mwanayo ankadziwa, ndipo nayenso ankasunga chinsinsi chomwecho kumbali yake ya khoma, akupachika zithunzi. A Wailesi anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pamaliro. Ankafuna kumukumbatira, kumuuza kuti mwana wosayamba sukulu akapatsidwa dzanja amaligwira, palibe mlandu pamenepo. Anamuuzadi, ndipo anabwereza kawiri.

Koma nkhani iyenera kunenedwa mmene inachitikira: pamene pakamwa pankanena zimenezo, dzanja lawo lamanja linali litatola kale pensulo. Kanjiwa analiona.

"Mulemba?"

"Ndilemba."

"Ngakhale ndikupempheni? Ndabwera kudzakutengani, amayi. Kabedi kaja kakudikira. Ndani adzandisambitsire mwana?"

A Wailesi anayang'ana mimba ya mwana wawo, imene inali itatsika kale. Anadziwa kuti mawu amodzi okha akhoza kuwabwezera kunyumba ya madzi otentha, kukanyamula mdzukulu tsiku loyamba. Ankafuna zimenezo ndi mtima wawo wonse. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

"Ndinakhala chete kuti iwe usamve," anatero. "Kani unamva kale. Ndiye ndikhalirenso chete ndani?"

Kanjiwa anatola chikwama chake n'kulunjika kuchitseko, akuyenda chokhwekhwereza mapazi otupawo. A Wailesi sanamuitane. Anadziwa kuti akamuyang'ana akutuluka agonja, ndiye anatembenukira kuthabwa, anaongola pepala, anakweza mapewa. Misozi inali ikutsika, koma ntchito ndi ntchito. Anakhosomola kawiri.

"Bwera, Kanjiwa, tikagule masiwiti, amayi ako akufuna kupuma."

Mawuwo anatuluka mothamanga, othyokathyoka. Thupi silinachite kanthu. Anaima ndi pensulo m'mwamba, kudikira kumva chitseko chikutsekedwa, ngakhale ankadziwa kuti chili mbali ya khutu lakufa.

"Mwathamanga."

Anatembenuka. Kanjiwa anali akadali pomwepo, dzanja pachogwirira chitseko, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Bambo sankathamanga. Atati 'masiwiti' anaima kaye, anapukuta dzanja pathalauza, ndiye n'kumaliza. Ndipo ankamwetulira. Bwerezani."

A Wailesi anapukuta maso ndi mkono. Anakhosomola kawiri, anamwetulira kumwetulira kwa pachithunzi cha kagalu kuja, n'kulankhula pang'onopang'ono. Atafika pa masiwiti anaima, anapukuta chikhatho pasiketi, namaliza. Tsembwe linawayamba kumsana mpaka m'mikono, ndipo ataona mikono ya mwana wawo anapeza nayonso yachita chimodzimodzi.

Anawerama n'kulemba chiganizocho, chilembo ndi chilembo, osafulumira. Kumbuyo kwawo Kanjiwa anasiya chitseko, anakhala pabedi, n'kuyamba kulimbana ndi nsapato zake. A Wailesi anakankha thabwa, nalitembenuza kuti bedi likhale mbali ya khutu lakumanja.